Maso a Scorpion atsala pang'ono kundimenyetsa ku Ndirande

Amene munakulira m'magemu mukudziwa kuti pa ma ninja awiri aja, Scorpion ndi wachikasu, Sub-Zero ndi wabuluu, zinayamba choncho 1992 pomwe gemu yomenyana ya Mortal Kombat inatuluka ndipo nthawi imeneyo anali munthu m'modzi yemweyo anangomusintha mtundu wa zovala. Ndiye bigimani wina wa malo osewerera magemu ku Ndirande anandipatsa ganyu yopenta khoma la shopu yake, akuti akufuna awiriwa akumenyana koma akhale ngati makatuni a ku Japan aja ana akuonera pafoni, anime ija. Ndinati zazing'ono izi bwana, ingogulani penti.

Chikasu anakana. Akuti chikasu ndi buluu pakhoma limodzi anthu aziti msonkhano wa ndale, iwo safuna kuswedwa magalasi, ndiye Scorpion avale chofiira. Ndinawauza kuti ninja wofiira alipo kale dzina lake Ermac, anangoti amene akulipira ndani.

Tsono anime ili ndi malamulo ake aise. Chibwano chosongoka, mphuno kadontho chabe, tsitsi loima ngati lagwidwa ndi magetsi, munthu akakwiya mumamuikira kamtanda ka mtsempha pamphumi, akachita manyazi dontho limodzi lalikulu la thukuta pambali pa mutu. Koma nkhani yonse ili pa maso, amayenera akhale akuluakulu ndi timadontho toyera mkati kuti aziwala. Vuto ndi loti ma ninja awa amavala masiki, pakamwa ndi mphuno sizioneka, ndiye chilichonse chomwe munthuyo akumva chimayenera chituluke m'maso momwemo. Scorpion weniweni maso ake ndi oyera mbee opanda kadiso kakuda, amaopsa. Ine ndinamupatsa maso otenga theka la nkhope, onyezimira, ndipo poti Sub-Zero anali atamuumitsa miyendo ndi ayezi ndinawonjezera misozi iwiri yoyenderera mpaka pachifuwa. Wabuluu ndinamuimika pamwamba pake manja m'chiuno, diso limodzi atatsinzina. Kunena zoona inatuluka bwino ntchitoyo, mpaka pano sindinajambuleko maso okongola ngati amenewo.

Inali sabata ya derby pa Kamuzu Stadium.

Ndikutsuka mabulashi ndinangomva njinga ya kabaza yaima kumbuyo kwanga, kenako ina, kenako mayi ogulitsa mandasi atula beseni. Mkulu wina wa jezi yofiira anafunsa mofatsa zedi kuti achimwene, amene akulirayu ndi ndani? Ndinayamba kulongosola za Japan, za ayezi, za 1992, iye anangoti Japan yake iti, apa mwajambula Maule akulira pamaso pa Manoma, ku Ndirande kuno, masana dzuwa likuswa mtengo. Kamwana kena kanayesa kundithandiza kakuti ameneyo ndi Ermac, anthu anamva ngati ndi dzina la osewera watsopano ndiye anayamba kufunsana kuti wagulidwa liti ndipo bwanji akulira asanamenyeko ndi gemu imodzi yomwe.

Bigimani uja anali atalowa mkati kalekale ndikukhoma chitseko, ndimangoona diso lake pa kachibowo ka loko.

Tinagwirizana pompo kuti ndikonze onse akuona. Penti yoyera inali itatha ndiye misozi ya wofiira sikanafufutika, chomwe ndikanatha ndikumuliritsanso wabuluuyo. Ndinakwera pa kreti ndikumuthira misozi, gulu kumbuyo likukuwa kuti onjezera, yachepa, ifike pa bondo, ikhale yoposa ya wathuyu. Wina anati ndimuikirenso mamina. Ndinaika.

Madzulo ake bigimani anandipatsa theka la ndalama, akuti iwo anaitanitsa ndewu osati maliro. Ndinakwera minibasi ya ku Chirimba manja ali buluu mpaka m'zigongono, kondakitala anandiyang'ana ndikuti Manoma amalipira kawiri.