Mayina aime pakati pa kabokosi

Ndine mlembi wa gulu lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Angónia, ku Mozambique, ndipo pepala lolandirira feteleza ndimakonza ndine pa kompyuta. Amayi ambiri m'gululi sasaina, amadinda chala. Ndiye mu tabela yanga ya mu Word, pulogalamu yolembera ya pa kompyuta, ndinakulitsa mzere uliwonse kufika masentimita 1,5 kuti chala chachikulu chikwane ndi inki yake. Kungotero, mayina onse anakakamira pamwamba pa timabokosi ngati mileme kudenga, pansi palibe kanthu! Munthu woti adinde pafupi ndi dzina lake akanasokonezeka mizere.

Ndinayesa batani loika mawu pakati, koma ilo limangosuntha dzina kuchoka kumanzere kupita pakati, silitsitsa. Kenako ndinayamba kuwakankhira pansi ndi batani la Enter. Mayina afupiafupi anatsikadi, koma aatali, odzaza mizere iwiri, anakulitsanso timabokosi, mpaka tsamba limodzi linasanduka awiri. Ku Ulónguè posindikiza timalipira tsamba lililonse, ndipo ndalamazo ndi za gulu, zosonkha movutikira.

Mphwanga amene amaphunzira ku Tete ndiye anandimasula pa foni. "Achimwene, Enter musiyeni. Kabokosi kali ndi malamulo akeake."

Word wathu ndi wa Chipwitikizi. Ndinadina kamtanda kamene kamaoneka pangodya ya kumanzere pamwamba pa tabela, yonse inasankhidwa. Ndinadina batani lakumanja la mausi, n'kusankha Propriedades da Tabela, kenako Célula. Pamenepo pali Alinhamento vertical ndi zithunzi zitatu: pamwamba, pakati, pansi. Ndinasankha chapakati, OK. Njira yachidule ilinso: tabela ikasankhidwa, pamwamba pamabwera Esquema, pa makompyuta ena palembedwa Layout, ndipo muli timabatani 9 tosankhira pamene mawu akhale m'kabokosi. Pa mayina ndimakonda kapakati ka kumanzere, kuti dzina liyambire kumanzere koma likhale pakatikati kutalika kwake.

Komabe mayina angapo anali okhotabe, otsikira pansi. Apa ndi pamene ndinataya nthawi yambiri. Ndinadina chizindikiro cha ¶ chimene chimaonetsa zobisika, ndipo ndinaona ma Enter anga aja ali ndandanda pamwamba pa mayina. Word amawerenga mzere wopanda kanthu ngati mawu, ndiye amaika pakati dzina pamodzi ndi mpatawo. Ndinawafufuta limodzilimodzi, mzere ndi mzere, mpaka tabela inabwerera pa tsamba limodzi.

Linatsala dzina limodzi lokwera pang'ono. Ndinalikopera kuchokera ku pepala la chaka chatha, ndipo linabwera ndi mpata wake wapansi. Ndinalowa mu Parágrafo, pa Depois, pamene amaikapo mpata wa pansi pa mawu, ndinalemba 0, linakhala bwino.

Tsiku logawa, agogo ena anandifunsa, "Mwanangu, langa lili pati?" Ndinaika chala changa pa dzina lawo, iwo anatsata mzerewo mpaka kumapeto, n'kudinda pakabokosi kawo.