Luso la anthu akuda m'mbiri ya zojambula

Abale anga a kuno ku Chipata, nkhani iyi imandiwawa mumtima. Mabuku a mbiri ya zojambula amatamanda Picasso, wojambula wa ku Spain, kuti anasintha kajambulidwe ku Ulaya. Komatu mu 1907 iyeyu anakaona zosemasema za ku Africa m'nyumba yosungiramo zakale ya Trocadéro ku Paris, ndipo akatswiri ambiri amati nkhope zosongoka za pa chithunzi chake cha Les Demoiselles d'Avignon anatengera kumeneko. Amisiri amene anasema zinthuzo maina awo sanalembedwe n'komwe.

Ziboliboli zamkuwa za mu ufumu wa Benin, ku Nigeria, asilikali a Britain anazilanda mu 1897. Zambiri zikadali ku British Museum, ngakhale Germany inayamba kubweza zomwe inasunga mu 2022.

Nanga kwathu kuno? Mukapita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, muyang'anitsitse Kasiyamaliro akamalowa m'bwalo: msana wake wopindika bwino, kalukidwe kothinana, thupi lonse likuzungulira motsatira ng'oma. Luso lenileni limenelo! UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Tilinso ndi zojambula za pamiyala ku Thandwe ndi ku Mkoma. Aphunzitsi athu, chonde muziwatengera ana kumeneko akadzionere okha.