Mbiri ya moyo wanga, gawo lachisanu ndi chiwiri: Tsiku limene mtondo sunkalira

M'gawo lapitalo ndidalekezera pamene banja lathu lidabwerera kumudzi ku Dedza, bambo atasiya ntchito. Lero ndikamba za tsiku limodzi la pachaka, la 3 Malichi, chifukwa pa ubwana wanga wonse panalibe tsiku lina limene ndinkaliopa ngati limeneli.

Malichi kwathu ndi mwezi wa mondokwa ndi maungu, pamene njala ya mu Febuluwale yayamba kuiwalika, koma likakwana tsikuli mudzi wonse unkangoti zii ngati pagwa maliro a mfumu. Kumunda sikunkapita munthu, kuchapa kunali koletsedwa, ndipo wayilesi inkangoimba nyimbo zachisoni mpaka usiku. Mayi ankasinjiratu dzulo lake n'kuugoneka mtondo kuseri kwa nkhokwe, popeza kugunda kwa munsi kumamveka kutali ndipo anyamata oyendera midzi sankachedwa kutulukira. Chaka china, ndili mu Sitandade 4, ndidatulutsa mpira wanga wachikulunga n'kuyamba kuumenya pabwalo. Agogo adandikoka khutu mpaka m'nyumba, akunong'ona kuti, "Iwe mwana, ufuna kutipalamulira?" Nditafunsa kuti wamwalira ndani, adangoti ndi anthu ofera dziko, kenaka adandipatsa chimanga chootcha kuti nditseke pakamwa.

Zenizeni ndidazidziwa nditakula. M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko la Nyasaland lili pa chiopsezo, chipani cha Nyasaland African Congress chidaletsedwa, ndipo atsogoleri ake, amene ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chidayamba mu 1953, adagwidwa m'nyumba zawo pa ntchito imene adaitcha Operation Sunrise. Dr Hastings Kamuzu Banda adapita naye kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene adakhalako mpaka pa 1 Epulo 1960. Ku Nkhata Bay omangidwa adawalowetsa mu sitima ya Mpasa, ndipo khamu litakhamukira kudoko kukafuna kuti abale awo amasulidwe, asilikali adaombera. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Patrick Devlin lidawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo ndi 51 m'dziko lonse, ngakhale anthu a m'boma la Nkhata Bay amatchula chiwerengero choposa chimenecho.

Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti tinkalira maliro osawadziwa mwini wake. Kusukulu tinkaloweza za John Chilembwe ndi za kumangidwa kwa Kamuzu, koma ine sindikumbukira kuti ndidamvapo dzina la msodzi kapena mayi aliyense amene adagwa padoko paja.

Ku Nkhata Bay ndidakafikako koyamba nditayamba kale uphunzitsi, malamulo a chete aja atatha ndi kubwera kwa zipani zambiri mu 1994. Ndidaima padoko masana, anyamata akutsitsa matumba a usipa, ndipo ndidadabwa kuona kuchepa kwa malowo, poti m'mutu mwanga ndinkaganiza za bwalo lalikulu lankhondo. Mayi wina wachikulire wogulitsa chinangwa chophika ataona kuti ndangoti kakasi, adandilozera ndi mlomo cha kumene kudali anthu tsiku lija, osanena kanthu, kenaka adandifunsa ngati ndigula cha mchere kapena chopanda mchere.