Lipoti la kafukufuku wa dothi: umitsani dothi kaye

Aphunzitsi alandira lipoti langa dzulo, atalibweza kawiri. Anzanga a Fomu 3 amene mwapatsidwa ntchito yofananiza mchenga, katondo ndi makande kuti muone dothi losunga madzi ambiri, choyamba umitsani dothilo. Liyanikeni padzuwa masiku atatu, muphwanye zibuma, mulisefe. Makande akudambo amabwera atakhuta kale madzi, ndiye mukawathira ena amangodutsa, manambala n'kumaoneka ngati makande ndi mchenga n'chimodzimodzi.

Dothi lililonse pimani magalamu 50, ikani mu fanelo yotseka ndi thonje kukhosi, thirani madzi 50 ml pang'onopang'ono, dikirani mphindi 30 pa mitundu yonse itatu. Madzi osungidwa ndi 50 ml kuchotsapo amene adonthera mu measuring cylinder. Powerenga, diso likhale mulingo umodzi ndi pansi pa meniscus, kupindika kumene kumaoneka pamwamba pa madzi mu cylinder. Chitani katatu, mutenge avereji.

Chimene chikundiwawabe ndi tsiku limene ndinataya pa Kasungu boma. Ndinakwera minibasi m'mawa kukataipitsa lipoti, ndinapeza magetsi atazima. Ndinakhala pakhonde la sitolo mpaka 4 koloko, wanjala. Atayaka, wotaipa anandilipiritsa tsamba lililonse, ngakhale lachikuto, ndipo anandijambulira line graph pa kompyuta. Mawa lake aphunzitsi anangoti, "Girafu iyi si yako, ndiponso njolakwika." Ndalama ya minibasi, ya mapepala, zonse zinapita pachabe! Mitundu ya dothi si manambala otsatizana, choncho pamafunika bar graph, girafu ya mizati. Jambulani nokha ndi pensulo pa graph paper: mitundu ya dothi kumzere wogona, madzi osungidwa kumzere woimirira, mutu pamwamba. Funsani aphunzitsi musanapite kutauni, chifukwa lolemba pamanja mwaukhondo akanalandira.

Kubweza koyamba kunali kwa tebulo. Ml imalembedwa kamodzi pamutu pa danga, osati pambali pa nambala iliyonse. Method, kapena kuti njira imene munatsata, mulembe monga zinthu zochitika kale, osati ngati mukulamula munthu. Conclusion, mawu omaliza a lipoti, iyankhe aim (cholinga cha kafukufuku) basi, ndipo ngati manambala akukana hypothesis yanu, zimene munkaganiza kuti mupeza, lembani zomwezo, musawakonze.

Ndikanaiwala thonje. Nalonso limamwa madzi, choncho linyowetseni kaye, likhale lofanana m'mafanelo onse, ndipo mulitchule pa sources of error, gawo la zinthu zimene zingasokoneze zotsatira. Koma dothi losauma musalitchule pamenepo ngati chodzikhululukira. Liumitseni, muyambirenso.