Lachitatu limene azakhali anandiitana

Azakhali saimba foni m'mawa pokhapokha kukagwa zovuta, ndiye nditaona dzina lawo ndikuvala nsapato, mtima unagunda. "Ukaweruka udzere kuno, pali nkhani," anatero. Ndinafunsa ngati kuli bwino. "Kulibe maliro, mwanawe. Kuli ukwati." Koma mawu awo sanali a munthu amene akulengeza chisangalalo, ndipo ndinadziwiratu kuti nkhaniyi ndi ya msuweni wanga, mwana wawo wachisamba, amene anapita kunja kukaphunzira n'kukhazikika komweko. Abale tonse tikudziwa kuti amakhala ndi mwamuna mnzake. Timadziwa, koma pagulu sitinena, ndipo mayi akewo anakhala nthawi yaitali osayankha mafoni ake.

Ntchito sinayende bwino m'mawa wonse. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinaifotokoza nkhaniyi, osatchula mayina, kwa mnzanga wina wachikulire amene timagwira naye ntchito, munthu wopemphera komanso wachilungamo amene ndimamulemekeza. Anapukusa mutu. Kwa iye, ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi mafashoni chabe. Akuti achinyamata akutengeka ndi makanema, andale akusaka mavoti, koma munthu wamkulu wokhwima maganizo sasintha pa nkhani ngati imeneyi.

Apa ndinamutsutsa, chifukwa akuluakulu omwewo ndi amene asintha. Ku America, bungwe la Gallup litafunsa anthu mu 1996, anthu 27 okha pa 100 alionse ndi amene ankati maukwati oterewa azivomerezedwa ndi lamulo. Pofika 2011 anali atapitirira theka, ndipo mu 2022 anafika 71. Kusintha kwa msanga chonchi sikungachitike chifukwa choti okalamba akumwalira ndipo ana akukula basi. Anthu ambirimbiri amene ankakana ali ndi zaka 40 anadzavomera ali ndi zaka 60. Ndinamuuza za Rob Portman, yemwe anali phungu wa chipani cha Republican wochokera ku Ohio, amene mu 1996 anachirikiza lamulo lonena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi okha. Mu Malichi 2013 analengeza poyera kuti wasintha maganizo, ndipo sanabise chifukwa chake: mwana wake wamwamuna anali atawauza iye ndi mkazi wake kuti amakonda amuna anzake.

Mnzangayo anaika supuni pansi n'kundifunsa funso limene landiyenda m'mutu tsiku lonse. "Ndiye mukutanthauza kuti tchimo likalowa m'nyumba mwanu limasanduka chilungamo, achimwene?"

Si funso lopusa. Ngati munthu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu n'choipa, kenako n'kutembenuka chifukwa wochita chinthucho ndi mwana wake, ena angati chikondi chamuphimba m'maso. Ine ndikuona kuti chimachitika n'chosiyana. Munthu amene sanakhalepo pafupi ndi banja lotere amaweruza chithunzi chimene anachijambula yekha m'mutu kuchokera ku mphekesera, ku nthabwala zonyoza ndi ku mantha. Akakhala mwana wake, amene anamubereka ndipo akudziwa khalidwe lake kuyambira ali wakhanda, chithunzi chija chimakanika kuima, chifukwa akudziwa bwino kuti mwanayu si chilombo, sanagulidwe ndi munthu, ndipo sakuchita mwano. Amayamba kuweruza ali ndi umboni umene poyamba analibe. Katswiri wa zamaganizo Gordon Allport analemba za zimenezi kale mu 1954, kuti tsankho pakati pa magulu a anthu limachepa anthuwo akamakhalira limodzi ngati ofanana. Iye ankanena makamaka za mitundu ndi zipembedzo, koma mfundoyo yaoneka ikugwiranso ntchito apa.

Komabe nkhani ya Portman imandiwawa pena pake. Ana a anthu ena analipo mu 1996 pamene ankavota. Ankathamangitsidwa m'nyumba, ankachotsedwa ntchito, ena ankadzipha, koma zonsezo sizinamufike pamtima mpaka zitagogoda pakhomo pake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo tanthauzo lake n'loti usadikire mawalo kuti umve chisoni. Sindinamuuze zonsezi mnzanga uja, nthawi inali itatha. Tinasiyana bwinobwino, aliyense ali ndi maganizo ake.

Kwa azakhali ndinafika dzuwa litapendeka. Khadi la ukwati linali patebulo, lotsekulidwa, mayina awiri achimuna atalembedwa moyandikana. Sanayambe ndi khadilo. Anayamba ndi matenda. Chaka chatha msuweni wanga anadwala kwambiri mpaka kuchitidwa opaleshoni, zimenezo tonse tinamva. Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu amene ankawaimbira azakhali usiku uliwonse kuwauza mmene wodwala wagonera anali mwamuna yemwe uja, amene iwo anakana ngakhale kumva dzina lake. Ankawaonetsa nkhope ya mwana wawo pa foni. Ankamusambitsa, kumudyetsa, kugona pampando. Tsiku lina zinthu zitavuta ndipo pakufunika wina woti asainire, a chipatala anamufunsa kuti ndi ndani wake wa wodwalayo.

"Ine mayi ake ndili kutali, sindingathe n'komwe kumugwira dzanja," anatero azakhali. "Iye ali pomwepo, maso ali gwa usiku wonse, koma pa pepala ndi mlendo. Anandiimbira akulira. Mwamuna wamkulu, kulira ngati mwana." Anakhala chete kwakanthawi, kenako anandiyang'ana. "Usandimve molakwa. Sindikunena kuti ndavomereza zonse. Ndikungonena kuti ndikudziwa amene anamusamala mwana wanga."

Ndinawauza nkhani ya Jim Obergefell ndi John Arthur, chifukwa ikufanana ndi imeneyi kuposa ina iliyonse imene ndikuidziwa. Anthu awiriwa anakhala limodzi ku Cincinnati zaka zoposa 20. Arthur anadwala matenda a ALS, amene amapha minyewa pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kuyenda, kumeza ndi kupuma. Ku Ohio lamulo silinkawalola kukwatirana, ndiye mu Julaye 2013 anakwera ndege yonyamula odwala kupita ku Maryland kumene lamulo linkalola, n'kumanga ukwati m'ndege momwemo itaima pabwalo la ndege la Baltimore, chifukwa wodwalayo sakanatha kutsika. Arthur anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho. Mlandu umene Obergefell anapita nawo kukhoti unali wa chinthu chimodzi: kuti pa chikalata cha imfa palembedwe kuti womwalirayo anali wokwatira, ndipo dzina lake lioneke ngati wosiyidwa. Mlanduwo, pamodzi ndi ina yofanana nawo, unafika kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo pa 26 Juni 2015 oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti maukwatiwa ndi ovomerezeka m'dziko lonse.

Nditanena kuti amene anamangitsa ukwati m'ndege muja anali azakhali ake a wodwalayo, anandidula. "Azakhali ake enieni?" Ndinati eya. Sanayankhe, koma anatenga khadi lija n'kuliwerenganso.

Chimene chikuwasautsa kwenikweni ndi tchalitchi. Iwo ndi Mkatolika wa moyo wonse, ndipo funso lawo ndi lakuti akakhala pa ukwatiwo, Lamulungu lotsatira akalowa bwanji m'tchalitchi. Pamenepa sindinafune kuwanamiza kuti mpingo wawo wasintha chiphunzitso, chifukwa sunasinthe. Chikalata chimene Papa Francis anavomereza mu Disembala 2023, chotchedwa Fiducia supplicans, chinalola ansembe kudalitsa anthu awiri oterewa koma chinanenetsa kuti umenewo si ukwati, ndipo mu Januwale 2024 maepiskopi a mu Africa anati ngakhale dalitsolo sadzalipereka. Chimene ndinawauza n'chakuti Akatolika ambiri anadutsa pa mphambano yomweyi osasiya chikhulupiriro chawo. Ku Ireland, dziko limene Chikatolika chinazika mizu, anthu anaponya voti pa 22 Meyi 2015 ndipo pafupifupi 62 pa 100 alionse anavomera, koyamba padziko lonse kuti dziko livomereze maukwatiwa kudzera mu voti ya anthu wamba. Mary McAleese, amene anakhalapo pulezidenti wa dzikolo, Mkatolika wodziwika, anaima poyera kupempha anthu kuti avomere, ndipo anatchula za mwana wake wamwamuna. Achinyamata a kumeneko ankaimbira foni agogo awo mmodzimmodzi, kuwafunsa kuti avota bwanji ndi kuwauza chifukwa chimene nkhaniyi ikuwakhudzira.

Ndinawakumbutsanso kuti ukwati wa msuweni wanga ndi wa kuboma, si wa paguwa. Kusiyana kumeneku n'kumene woweruza Albie Sachs anakufotokoza bwino pa chigamulo cha khoti la malamulo aakulu ku South Africa mu Disembala 2005: boma liyenera kupereka ukwati kwa nzika zonse mofanana, koma palibe m'busa kapena wansembe amene angakakamizidwe kudalitsa ukwati umene chipembedzo chake chimakana. Lamulo linayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala 2006, ndipo dzikolo linakhala lachisanu padziko lonse, kutsatira Netherlands, Belgium, Spain ndi Canada. Koma South Africa yomweyo ikuonetsa kuti lamulo lokha silisintha mitima. Mu 2008, pasanathe zaka ziwiri, Eudy Simelane, amene anasewerapo mpira m'timu ya dziko ya Banyana Banyana ndipo sankabisa kuti amakonda akazi anzake, anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema. N'chifukwa chake zimene zikuchitika m'mutu mwa azakhali angawa ndimaziona kuti n'zazikulu kuposa chigamulo cha khoti lililonse.

Tili mkati mokambirana, amuna awo analowa. Anandipatsa moni bwinobwino, anaona khadi lija, nkhope n'kugwa. "Ine ndinabereka mwana wamwamuna," anatero, n'kutuluka kukakhala panja. Sindikuwaona ngati munthu wankhanza. Ndi bambo amene anadzimana zambiri kuti mwanayo aphunzire, amene ankayembekezera mpongozi ndi zidzukulu, ndipo akulira maliro a tsogolo limene analikonza m'mutu mwawo. Chisoni chimenecho n'chenicheni. Koma mwana wawo ali moyo, anapulumuka pa matenda amene akanamutenga, ndipo akuwaitana. Ndikuopa kuti akadikira mpaka mtima utakhazikika, nthawi yoyankha ikhala itadutsa.

Ine maganizo anga pa nkhaniyi anayenda pang'onopang'ono, ndipo chimene chinawayendetsa si mtsutso wa pa intaneti. Ndikukula, nkhaniyi inkakambidwa ngati ya kuchipinda basi, ngati kuti anthu awiriwa alibe moyo wina kupatula umenewo. Nditayamba kuona maukwati a anthu ondizungulira akudutsa m'matenda, m'ngongole ndi m'maliro, ndinazindikira kuti mbali yaikulu ya lamulo la ukwati imagwira ntchito pa masiku oipa. Limanena amene alowe m'chipinda cha wodwala mwakayakaya, amene asainire, amene asunge ana, amene atsale m'nyumba mnzake akamwalira, amene aitanidwe kuti wamasiye. Anthu awiri amene alonjezana kusenzerana zonsezo, sindikuona chimene ine kapena boma tingapindule powakaniza pepalalo. Ndikufuna msuweni wanga akwatire, ndipo ndikufuna mayi ake akakhalepo.

Ndisananyamuke, azakhali analowa kuchipinda n'kubwera ndi pasipoti yawo. Inatha ntchito kalekale. Anandiuza kuti ndiwathandize kudzaza mafomu a yatsopano ndi kufufuza za visa. "Ndipita kukamuona mwana wanga, ndi kukathokoza mnzakeyo pamaso," anatero. "Zolowa m'holomo ndikaona komweko." Sindinawakakamize kunena zoposa pamenepo. Anandipemphanso kuti ndikalankhule ndi bambo anga, omwe ndi mchimwene wawo, chifukwa amuna awo sangamve za mkazi kapena za mwana ngati ine, koma mlamu wawo amamumvera.

Ndinadzera kwa bambo usiku womwewu ndisanafike kunyumba. Sindinatchule za makhoti kapena za mavoti a ku Ireland, zimenezo sizikanawasuntha. Ndinawafotokozera za opaleshoni, za mafoni a usiku uliwonse, za funso la a chipatala lija, ndi za pasipoti ya mlongo wawo. Anamvetsera osandidula, chimene si chizolowezi chawo. Anafunsa ngati mnyamatayo wachira bwinobwino tsopano, anafunsa ntchito imene mnzakeyo amagwira, ndiponso ngati makolo ake akudziwa. Za ukwati sananene kanthu, zabwino kapena zoipa. Pondiperekeza anangoti, "Ukawauze azakhali akowo kuti ndibwera Loweruka, ndipo alamu asachoke pakhomo." Mawa pa nthawi ya nkhomaliro ndikatenga mafomu a pasipoti, kenako ndimulembera msuweni wanga kuti atumize kalata yoitanira mayi ake, chifukwa a visa adzaifuna.