Situdiyo yathu ili m'nyumba yakale ya pafamu

Nyumba yomwe ine ndi mchemwali wanga timajambuliramo zithunzi inamangidwa pafamu, kunja kwa mzinda. Mzinda utakula, munda wonse unadulidwa mapuloti, nyumbayo n'kutsala pakati pa nyumba zamakono. Eni ake atachoka inasanduka kachipatala ka amayi oyembekezera, kenako sukulu ya mkaka, kenakonso maofesi. Pakhonde lakumbuyo pakadali misomali yokolekapo zikwama za ana, yofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Sitinaizule.

Amene anaipweteka kwambiri nyumbayi ndi a maofesi aja, chonsecho iwo ankati akuikongoletsa. Makoma ake anamangidwa ndi laimu, iwo n'kupakapo pulasitala wa simenti. Laimu amalola chinyontho kutuluka, pomwe simenti amachitsekera m'kati mpaka njerwa kufumbwa. Mmisiri wathu atagogoda khoma la pabalaza linalira ngati ng'oma, ndipo atagumula pang'ono njerwa inangoyoyoka m'manja mwake. Ndalama zomwe tinasungira kamera yatsopano zinathera pamenepo, kuchotsa simenti yense ndi kupakanso laimu, yemwe sachedwa kusweka ukamuumitsa mothamanga. Penti ya m'mawindo nayonso tinayamba taiyezetsa, poti penti yakale nthawi zambiri imakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni makamaka kwa ana.

Nyumbayi ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, ndiye zenera kapena khoma sitingasinthe popanda chilolezo. Mawaya a magetsi tinangowayendetsa pamwamba m'timabokosi tamatabwa, osasema khoma. Anzathu ena a bizinesi amati tinadziika m'goli. Ine sindiona choncho. Pangano la ku Venice la 1964, lomwe akatswiri osamalira nyumba zakale amalitsatira, limanena kuti nyumba yotere imasungika bwino ikamagwira ntchito yothandiza anthu, bola kamangidwe kake kasasinthidwe. Nyumba yopanda munthu, ikayamba kudontha palibe woona.

Komanso kunena zoona, nyumbayi ndi yomwe imatiitanira makasitomala. Mawindo ake ndi aatali, kuwala kumalowa kofewa, moti m'mawa sitiyatsa n'komwe magetsi a situdiyo. Akwati ambiri amafuna kujambulidwa pamasitepe a khonde, osati pansalu zathu zodula zija.

Chatsala ndi denga. Pa ntchito iliyonse yomwe tagwira timapatula kangachepe, ndipo tikufuna malata a kumbuyo asinthidwe mvula isanayambe.