Nthabwala za ku America ndi eni chipata

Mbiri ya nthabwala ku America ndi mbiri ya anthu amene ankagwira chipata, omwe ankasankha wanthabwala woti afike pamaso pa anthu ndi woti abwerere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chipatacho chinali m'manja mwa eni nyumba za zisudzo za vaudeville, zomwe zinkasakaniza nyimbo, magule ndi nthabwala, ndipo wanthabwala ankayenda pa sitima mzinda ndi mzinda, kubwereza nthabwala zomwezo kwa zaka zambiri. Wailesi inasintha zimenezi, chifukwa nthabwala ikaulutsidwa usiku umodzi dziko lonse linkakhala litaimva, motero anthu monga Jack Benny, amene anayamba pulogalamu yake mu 1932, ankadalira alembi owakonzera zatsopano sabata iliyonse. Anthu akuda, kaamba ka tsankho, anali ndi nyumba zawozawo monga Apollo ya ku Harlem, kumene Moms Mabley anatchukira.

Boma nalo linagwirako chipata. Wanthabwala Lenny Bruce anamangidwa ku San Francisco mu 1961 pa mlandu wolankhula zolaula pagulu, khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 1964, ndipo chikhululukiro chinadza mu 2003, iye atamwalira kale mu 1966. Akuluakulu amene anachita zisudzo kuno nthawi ya Kamuzu sangadabwe nazo zimenezi.

Komabe mlonda wamphamvu kuposa onse anali Johnny Carson, yemwe anayendetsa The Tonight Show pa wailesi ya kanema kuyambira 1962 mpaka 1992. Wanthabwala wachinyamata ankapatsidwa mphindi zochepa chabe, ndipo Carson akasangalala naye ankamukodola kuti adzakhale pampando wa alendo. Kukodolako kunali kokwanira kusintha moyo wa munthu usiku womwewo. Pofuna mwayi umenewu, ambiri ankaseketsa anthu ulere ku nyumba ya nthabwala ya The Comedy Store mumzinda wa Los Angeles, mpaka mu 1979 anatopa nanyanyala ntchito, ndipo pakati pawo panali Jay Leno ndi David Letterman.

Podcast, pulogalamu yojambulidwa imene anthu amamvera pa intaneti, inagwetsa mpanda wonsewu. Mu 2009 Marc Maron, ntchito ya pa wailesi itamuthera ndipo dzina lake likuzilala, anayamba pulogalamu ya WTF, imene pambuyo pake ankaijambulira m'galaja ya kunyumba kwake ku Los Angeles. M'kachipinda kodzaza mabuku ankakhala ndi wanthabwala mnzake kwa ola lathunthu, kukambirana za nsanje, uchidakwa, maukwati otha ndi masiku amene anthu anakana kuseka. Mu June 2015 Barack Obama, ali pulezidenti, anafika m'galajamo kudzacheza naye, achitetezo atazinga dera lonse. Joe Rogan anayambanso yake mu 2009, ndipo mu 2020 kampani ya Spotify inasainirana naye mgwirizano wa ndalama zoposa madola 100 miliyoni, malinga ndi zimene nyuzipepala zinalemba.

Kuona kwanga, phindu lenileni linali lakuti omvera anayamba kudziwa mmene nthabwala imaumbidwira, koma pali chimene chinatayika. Mphindi zisanu za kwa Carson zinkakakamiza munthu kusefa mawu ake, pomwe macheza a pa podcast a maola atatu amalola madeya ndi ufa kudyedwa limodzi. Ndiponso chipata sichinathe ayi, chinangosamukira kwa makampani amene makina awo amasankha zoti munthu aone akatsegula foni.

Kuno ku Mulanje tili ndi mlonda wina amene Maron sanamudziwe, ndiye mtengo wa bando. Wachinyamata wa pa Chitakale kapena ku Limbuli saononga bando yake pa macheza a maola atatu; amapita kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, kapena amadikira kakanema ka mphindi imodzi pa WhatsApp. Izeki ndi Jakobo, ngakhalenso Winiko, amene anafika pokhala phungu wa kummwera kwa Mulanje, anadziwika kudzera m'maholo, pa wailesi ndi pa kanema. Amene akubwera m'mbuyo mwawo akhoza kujambula popanda kupempha aliyense, koma ayenera kuseketsa munthu bando isanathe.